Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: nkhani ya hijabu ilembedwe m'malamulo a sukulu

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni wanga ndi ulemu wonse. Ndine mayi wa Chisilamu, kholo la ana asukulu, ndipo ndalemba poyera chifukwa nkhani ndabwera nayoyi si ya pakhomo panga pokha. Pempho langa ndi limodzi. Unduna wanu ulembe m'malamulo oyendetsera sukulu, ndi kusindikiza mu Gazette ya boma, kuti pasapezeke mtsikana wobwezedwa pa sukulu yolandira ndalama za boma chifukwa wavala hijabu (mpango wofunda kumutu wa akazi a Chisilamu), komanso pasapezeke wobwezedwa chifukwa sanavale. Ziwirizi zilembedwe pamodzi. Mukalemba chimodzi n'kusiya chinzake, mwanayo adzakhalabe wolamulidwa, kungoti womulamulayo ndiye wasintha.

Mukukumbukira kumene tachokera. Mu Novembala 2019, pa sukulu ya pulayimale ya M'manga ku Balaka, yomwe ndi ya mpingo wa Anglican, atsikana ovala hijabu analetsedwa kulowa m'kalasi. Anthu anagendana, ena anavulala, mzikiti, tchalitchi ndi nyumba ya wansembe zinaonongedwa, mpaka ofesi ya United Nations m'dziko muno inatulutsa chikalata chopempha bata. Mu Okutobala 2020 moto unabuka ku Mpiri m'boma la Machinga, kumene ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Katolika inatenthedwa pa mkangano womwewu. Ndinene mosapsatira, monga Msilamu: amene anayatsa motowo sanamenyere nkhondo mwana wa Chisilamu aliyense. Anaononga sukulu imene ana athu omwe amaphunzirapo, ndipo anapatsa mphamvu aliyense wofuna kunena kuti hijabu imabwera ndi chisokonezo.

Bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la Public Affairs Committee (PAC) linagwira ntchito yotamandika pokhazika pansi atsogoleri a mbali zonse. Mu Juni 2021 anasainirana mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu ya mtundu wogwirizana ndi yunifomu m'sukulu za mipingo. Mitima inatsika, ndipo ine ndi mmodzi wa amene anathokoza. Koma a Nduna, mgwirizanowo ndi lonjezo la pakati pa akuluakulu a zipembedzo. Osaina amapuma ntchito, amasamutsidwa, amamwalira. Mtsikana wa Sitandade 6 amene wabwezedwa m'mawa ndi mphunzitsi wamkulu watsopano, amene akuti pepalalo sanalionepo, akadandaula kuti? Iye sanasaine nawo. Bambo ake apita kwa shehe wa pamudzi, sheheyo aimbira foni akuluakulu a ku Blantyre, akuluakuluwo afunafuna a bishopu, ndipo zonsezi zikuchitika anzake akulemba mayeso a pakati pa teremu. Ufulu wa mwana wa nzika sungamadalire kuti azibusa ndi mashehe akumvana chaka chimenecho.

Malamulo aakulu a dziko lino sanaisiye nkhaniyi m'malere. Gawo 33 likupereka kwa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Gawo 25 likuti aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 20 likuletsa tsankho, ndipo chipembedzo chatchulidwa mmenemo. Limene ambiri salitchula ndi gawo 44, lomwe likuti ufulu ungachepetsedwe pokhapokha ngati kuchepetsako kwalembedwa m'lamulo, kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo n'kofunikadi m'dziko la demokalase. Mawu a mphunzitsi wamkulu pa asembule si lamulo la dziko. Chigamulo cha komiti ya sukulu si lamulo la dziko. Unduna wanu unalawapo kale mankhwala awa: mu Meyi 2023, woweruza Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a chi Rasta sukulu chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo, ndipo analamula unduna kuti pofika pa 30 Juni chaka chomwecho udziwitse sukulu zonse za boma. Kodi tidikire kuti kholo la mwana wovala hijabu nalonso liyende ulendo wa ku khoti, kuti unduna uchite mokakamizidwa zimene ungachite wokha lero?

Sindikufuna kuchepsa mipingo. Ine ndemwe ndinaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mishoni, ndipo kalata ino ndi chipatso cha aphunzitsi a kumeneko. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo kwa zaka zambiri boma la atsamunda lisanaganize n'komwe zophunzitsa mwana wakuda, sukulu zinali m'manja mwa mipingo. Mpingo ukamanena kuti sukuluyi tinamanga ndife, malowa ndi athu, tili ndi khalidwe limene timafuna ana akuliremo, sukunama. Koma mbiri yomweyo ili ndi tsamba lina limene ife a kum'mawa kwa dziko lino timalidziwa bwino. Makolo athu ambiri ankabisa ana awo kuti asapite ku sukulu ya mishoni poopa kuti akabwerako atabatizidwa, ali ndi dzina lina. Ana aja anakula akudziwa madrasa okha, ndipo kutsalira kwa maphunziro ku Mangochi ndi Machinga kumene maripoti a unduna wanu amadandaula nako kuli ndi mizu yake kumeneko. Maphunziro aulere a pulayimale a 1994 anabweretsa ana oposa miliyoni imodzi m'makalasi chaka chimodzi chokha, ndipo mantha akale aja anayamba kuzilala. Mtsikana mmodzi akabwezedwa pa geti chifukwa cha mpango, agogo ake amangoti, "Suja ndinanena?" Amene amachoka pa sukulu si iye yekha. Ang'ono ake nawo amatsalira pakhomo, ndipo kumudzi mtsikana wokhala pakhomo sachedwa kupezeredwa mwamuna.

Pali mawu amene amamveka msanga pa nkhaniyi, akuti ofuna hijabu apite ku sukulu zawo. M'tauni mwina zingatheke. Kumudzi, sukulu imene mwana wa zaka 7 angafikeko wapansi nthawi zambiri imakhala imodzi, ndipo ikakhala ya mpingo ndiye yomweyo. Tsono aphunzitsi a m'sukulu zambiri zoterezi amalandira malipiro ku boma, silabasi ndi ya boma, mayeso ndi a MANEB. Ndalama zimenezo ndi msonkho umene mayi wogulitsa usipa pa Mangochi amapereka akamagula sopo ndi mayunitsi a foni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, kutanthauza anthu oposa 2 miliyoni. Sukulu imene imadziyendetsa yokha ndi fizi ya makolo ndi nkhani ina, ndipo sindikuikamba pano. Koma sukulu imene yatambasula dzanja kulandira ndalama za anthu onse yavomeranso kulandira ana a anthu onse mmene alili.

Mwina ena mwa alangizi anu adzakuuzani kuti njira yachidule ndi ya ku France: kuchotsa zizindikiro zonse za chipembedzo m'sukulu, pasakhale hijabu, pasakhale mtanda, aliyense akhale chete. Ndikupemphani muione bwino njirayo musanaisirire. Kumeneko mkangano unayamba mu 1989, atsikana atatu atachotsedwa pa sukulu ina m'tauni ya Creil chifukwa chokana kuvula mipango. Anakangana zaka 15, ndipo mu Malichi 2004 anakhazikitsa lamulo loletsa zizindikiro zoonekera za chipembedzo m'sukulu za boma: mpango wa Asilamu, kachipewa ka Ayuda, nduwira, mtanda waukulu. Iwo ankati nkhani yatha. Mu 2010 kunabwera lamulo lina loletsa kuphimba nkhope pamalo aliwonse a anthu onse, chindapusa chake mpaka mayuro 150. Mu 2016 mameya ena analetsa amayi kusamba pa nyanja atavala chovala chophimba thupi lonse, mpaka bwalo linachita kuwaimitsa. Mu 2023 nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Gabriel Attal, inaletsa abaya, lomwe ndi diresi lalitali lotaya basi. Tsiku lotsegulira sukulu atsikana 298 anafika atavala, ndipo 67 amene anakana kusintha anabwezedwa kwawo. Mu 2024, pa masewero a Olympic mumzinda wa Paris, atsikana ochokera m'maiko ena anapikisana atavala hijabu, koma a timu ya France yeniyeniyo sanaloledwe.

Onani mmene zinayendera. Boma litangoyamba kuyeza chovala cha mtsikana, silinapezenso poimira. Mpango utachoka, maso anapita pa diresi, ndipo mphunzitsi amene analembedwa ntchito yophunzitsa masamu anayamba kuima pa geti kuganizira ngati diresi ili ndi lalitali chifukwa cha fashoni kapena chifukwa cha Mulungu. Adziwa bwanji, ngati si poyang'ana dzina ndi khungu la mwanayo? Chodabwitsa china, chimene azibusa athu angachite bwino kuchimva, n'chakuti lamulo la 2004 silikhudza sukulu zomwe si za boma, ndipo ena mwa atsikana ovala mipango a ku France anakapeza malo m'sukulu za Katolika.

Cholakwika cha njira imeneyo, mmene ndikuonera, n'chakuti inasokoneza boma ndi mwana. Limene liyenera kukhala lopanda mbali pa zachipembedzo ndi boma: lisakhale ndi mpingo wake, lisakondere polemba ntchito, lisakondere pochonga mayeso. Mwana si boma. Iye ndi nzika yobwera kudzalandira chimene boma linamulonjeza, ndipo amabwera ndi chilankhulo cha kwawo, dzina la kwawo ndi chikhulupiriro cha kwawo. Komanso tinene zoona, ndani kuno angafune sukulu ya mtundu wa ku France? Ana athu amayamba tsiku ndi pemphero pa asembule, ndipo nyimbo ya fuko lathu ndi pemphero kuyambira mzere woyamba. Kufunda kumutu si chinthu chachilendo kwa Mmalawi: amayi a Mvano ali ndi duku lawo loyera, masisitere ali ndi nsalu yawo, ndipo mayi wopita pa maliro mutu uli pamtunda amayang'anidwa. Dziko lotere silingauze mwana mmodzi yekha kuti iwe chipembedzo chako uzichisiya pa geti.

Dziko la Turkey linayesanso kuletsa. Mu 1998 Leyla Şahin, wophunzira za udokotala pa yunivesite ya Istanbul, anakanizidwa kulemba mayeso chifukwa cha mpango, ndipo anakamalizira maphunziro ake ku Vienna. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linaikira kumbuyo boma la Turkey mu 2005, koma patangopita zaka zochepa dzikolo linachotsa lokha chiletsocho m'mayunivesite, kenako mu 2013 m'maofesi a boma. Amene anali ndi ndalama anapita kunja. Amene analibe anasiya sukulu, ndipo zaka zimenezo palibe anawabwezera.

Tsopano ndikhotere kwathu, chifukwa ndikangoloza ena chala kalatayi ikhala yachinyengo. Mu Seputembala 2022 mtsikana wa zaka 22, Mahsa Amini, anafa ali m'manja mwa apolisi a ku Iran amene anamugwira ponena kuti sanavale bwino hijabu. Ku Afghanistan a Taliban analamula amayi kuphimba nkhope ndipo anatsekera atsikana sukulu za sekondale. Ine ndimavala hijabu, ndipo ndimaivala chifukwa ndimakhulupirira kuti ndi gawo la kupembedza kwanga. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona ikuvekedwa munthu ndi chikwapu. Chimene munthu wachita poopa wapolisi sichifika kwa Mulungu ngati pemphero. Mng'ono wanga, wa bere limodzi, amapemphera ndi kumanga Ramadani monga ine, koma savala hijabu kuntchito. Nkhani imeneyo ili pakati pa iye ndi Mlengi wake. Ndimatha kumulangiza monga mkulu wake, koma sindingafune kuti boma, kapena komiti ya sukulu, kapena anyamata a pa siteji, amulangize ndi mphamvu.

Ndiye lamulo limene ndikupemphali likhudzenso sukulu zimene eni ake ndi mabungwe a Chisilamu koma zikulandira aphunzitsi ndi ndalama za boma. Mtsikana wa Chikhristu wophunzira pamenepo asakakamizidwe kufunda kumutu. Mtsikana wa Chisilamu amene sakufuna kuvala asathamangitsidwe, asachititsidwe manyazi pa asembule, asachotseredwe malikisi. Ndikudziwa kuti ena a ku mzikiti sakondwa nane pa mfundo iyi. Koma sitingamapemphe ufulu ku Balaka n'kumaukaniza kwa ena kumene ife tachuluka. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amayi a dziko lino, a chipembedzo chilichonse, akudziwa kulamulidwa zovala. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo zaka pafupifupi 20, mpaka mphepo ya matipate ambiri inalichotsa. Mu Januwale 2012 magulu a amuna anavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, amayi anasonkhana kudzudzula, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene afuna. Tonse tinavomereza nthawi imeneyo kuti dzanja la munthu wina lisafike pa chovala cha mkazi. Sindikuona chifukwa chake mfundo yomweyo isinthe pamene chovalacho chili chotalika m'malo mwa chachifupi. Mabungwe omenyera ufulu wa amayi amene anatuluka mu 2012 ndikanakonda kuwamva mokweza chimodzimodzi pa nkhani ya hijabu.

Wina adzafunsa kuti, kodi mwana wa Sitandade 1 amasankha yekha? Ayi, sasankha, monganso sasankha kubatizidwa ali wakhanda, kupita ku Sande sukulu kapena kusadya nyama ina yake. Ana aang'ono amaleredwa m'chikhulupiriro cha makolo awo m'nyumba zonse, ndipo boma sililowerera pokhapokha mwana akuzunzidwa. Koma mtsikana akamakula mawu ake azimveka, ndipo wa ku sekondale akanena kuti sakufuna, sukulu isakhale chida cha wina aliyense chomukakamizira. Chimene chimam'patsa mtsikana mphamvu yodzasankha yekha mawa ndi kukhala m'kalasi lero. Mukamuchotsa m'kalasi pofuna kumumasula ku mpango, mwamubwezera kwa anthu omwewo amene mukuti akumukakamiza, tsopano alibe ndi satifiketi yomwe.

Za yunifomu sizovuta: mgwirizano wa 2021 unapeza kale yankho, hijabu ikhale ya mtundu wa yunifomu. Za chitetezo ndi kubera mayeso zimasokonezedwa dala ndi nkhani ya nikabu, yophimba nkhope. Hijabu imasiya nkhope poyera, ndipo ndiyo inali pakati pa mikangano ya ku M'manga ndi ku Mpiri. Ngati woyang'anira mayeso akukayika kuti m'kati mwa mpango muli kapepala, pakhale mphunzitsi wamkazi womusecha mtsikanayo pambali, monga mmene amasechera matumba a wina aliyense. Kuti nkhope ya wophunzira izioneka m'kalasi ndi pa chiphaso cha mayeso, ine ndilibe nazo vuto, ndipo mukhoza kulemba choncho.

Chimene chimachitika boma likasiyira makhoti nkhaniyi tachiona kwa anzathu. Ku Kenya, mlandu wa sukulu ya sekondale ya St Paul's Kiwanjani ku Isiolo, yothandizidwa ndi mpingo wa Methodist, unafika ku bwalo la apilo lomwe mu 2016 linalola hijabu. Mu Januwale 2019 bwalo lalikulu koposa linafafaniza chigamulocho pa zifukwa za kayendetsedwe ka mlandu, osayankha funso lenilenilo, ndipo makolo anabwerera pomwe anayambira. Ku Nigeria, mlandu wa hijabu m'sukulu za boma za ku Lagos unayenda m'makhoti zaka zambiri mpaka Juni 2022, pamene bwalo lalikulu koposa linagamula mokomera atsikana. Ana amene mlandu umayambira pa iwo amakhala atakula kale chigamulo chikamatuluka.

Inu muli ndi njira yaifupi kuposa imeneyo. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linanena kuti maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, ndipo boma silingakakamize kholo kutumiza mwana ku sukulu imene ikam'bweze pa geti. Itanani eni sukulu a mipingo yonse, Muslim Association of Malawi, Qadria Muslim Association of Malawi, a PAC ndi bungwe la boma loona za ufulu wa anthu. Pa mpando umodzi pakhalenso atsikana enieniwo, ovala ndi osavala, chifukwa misonkhano ya nkhaniyi imadzaza ndi abambo okambirana za mitu ya ana aakazi. Zimene mugwirizane zilembedwe mwachidule, m'Chichewa ndi m'Chiyao kuwonjezera pa Chingerezi, zipachikidwe pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu aliyense. Zitchule aphunzitsi aakazi ndi ophunzira a m'makoleji a zauphunzitsi, poti nawonso amatumizidwa kukagwira ntchito pa sukulu zimene sanasankhe okha. Zinene kuti kholo lodandaula lipite kwa mlangizi wa zamaphunziro wa zoni, kuti yankho lituluke pasanathe masiku owerengeka otchulidwa m'lamulomo, ndiponso kuti pamene dandaulo likuunikidwa mwanayo akhale ali m'kalasi, osati kunyumba. Zinenenso chimene chidzachitikire mwini sukulu wokana kutsatira, kaya ndi wa tchalitchi kaya ndi wa mzikiti.

Ndikupempha kuti izi zichitike chaka chatsopano cha sukulu chisanayambe, kuti makolo akamagula nsalu ya yunifomu adziwe chimene akusokera ana awo.

Ndine wanu mwaulemu,

Kholo la ana asukulu, m'boma la Machinga